Malisiti a NyaGoma

Tembwe,
12 Novembala 1956

Okondedwa bambo a Maggie,

Moni wochuluka. Muli bwanji ku Lusaka kumeneko? Kuno Maggie ali bwino, mano awiri akutsogolo aguluka, akulankhula ngati nkhalamba. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Ndalemba dala m'Chinyanja cha kusukulu, chifukwa ndikalemba m'Chisenga pepala lino lipsa.

Malume anga a Ng'uni anatisiya, tinawaika Lachinayi ku Chifunda. Ndinakhala pamaliro masiku anayi. Pobwera ndapeza mphasa yanga, mapoto, bulangeti ndi kabokosi ka Maggie zili pansi pa mtengo wa mango, mvula itazinyowetsa, nkhuku ya a Zimba itaikira kale dzira m'bokosimo. Pachitseko cha chipinda chathu kuseri kwa sitolo pali loko watsopano, wamkulu ngati chibakera. Makina anga osokera ali m'kati.

Ndinalowa m'sitolo. A Gordon Zimba ali pakauntala akuyeza mchere, osandiyang'ana n'komwe. Ndati, "A Zimba, kwagwanji?" Iwo ati, "Mayi, nyumba yanga si mishoni. Zaka ziwiri mwakhala ulele, manje tulukani. Makina ndagwira mpaka mulipire."

Ulele! Inu kunalibe pamene tinkapangana, koma ndinakulemberani nthawi ija. Chipinda ndi khonde zikhale zanga, ine ndizisokera banja lonse la a Zimba osalandira ngakhale peni, ndipo wofuna kuthetsa pangano aneneretu kutatsala miyezi itatu. Mboni inali imodzi, malume. A Zimba anadikira kuti mboni ilowe pansi.

Tikupangana anali ndi mkazi mmodzi ndi ana atatu. Manje akazi ndi awiri, ana asanu ndi mmodzi, ndipo mimba ya a Zimba payokha yakula kawiri, mathalauza ndimachita kumasula mwezi ndi mwezi. Sindinadandaule.

Chifukwa chenicheni Tembwe yonse ikuchidziwa. Mkazi wamng'ono ali ndi mlongo wake, Meshack, wabwera kuchokera ku Halale ndi chipewa ndi sizasi, akuti ndi telala. Makina alibe, akufuna anga. Koma aiwala chinthu chimodzi. Telala aliyense akaweruka amachotsa shatulo, kachitsulo kaja kosunga ulusi wapansi. Yanga ndinapita nayo kumaliro, nditaimanga pansonga ya chitenje. Popanda iyo makina aja ndi tebulo chabe.

Tikugona kwa amake Virginia pafupi ndi tchalitchi. Shati yanu ya Khirisimasi yatsekeredwa momwemo, inatsala mabatani okha. Kaulusi kanga kofiira ndinaika kale kuseri kwa kolala, monga ndichitira ndi chovala chilichonse chotuluka m'manja mwanga.

Inu ndinu mesenjala wa loya, malamulo mumawanyamula m'chikwama tsiku ndi tsiku. Tandiuzani chimene lamulo likunena. Ndalama sindikupempha, musachite mantha.

Ndine wanu,
Damaris NyaGoma


Lusaka,
29 Novembala 1956

Okondedwa amake Maggie,

Kalata yanu yafika dzulo. Pepani za malume, anali munthu wabwino, ngakhale kuti paukwati wathu anandiwerengera ng'ombe kawiri. Maggie mumuuze asaike lilime pamene paguluka mano.

Mwachita bwino kufunsa ine, pakuti nkhani zotere kuofesi kwathu timamwera tiyi. Tamverani bwino. Mwini nyumba sangatulutse munthu popanda notisi, ndiko kuti chenjezo la nthawi yokwanira. Sangataye katundu wa munthu panja, ndipo sangagwire makina ngati kuti iye mwini ndiye khoti. Ndafunsa kalaliki wathu wamkulu pomupatsa tiyi, iye wagwedeza mutu kuvomereza. Loko musathyole, mungasanduke wakuba wa zinthu zanu zomwe. Pitani kwa kalaliki wa khoti la kwa mfumu mukatenge samani, a Zimba akayankhe pamaso pa akuluakulu.

Koma apa pali dzenje, amake Maggie. Lisiti lili kuti? Khoti silimva misozi, limamva pepala. Ine kuno malisiti anga onse a lendi ndimasunga m'chitini cha fodya, kuyambira chaka cha 1953, palibe limodzi losowa. Inu muli ndi chiyani? Mboni ili kumanda, ndipo kumanda samani safika. Ndinakuuzani kale kuti za pakamwa nzakumudzi, dziko la manje ndi la inki.

Chinanso chandisowetsa mtendere. A Zimba amenewa sanakuuzeni timawu tina timene inu munakana? Mwamuna sagula loko wamkulu chotero popanda chifukwa. Ndiuzeni zoona, mtima wanga ndi wolimba, koma osati kwambiri.

Makalata muzilembera kwa alamu anu a Eneless, pakeyala ya amuna awo kunjanji. Positi ya kukomboni kwathu yayamba kutaya makalata. Mukapeza munthu wobwera kuno, mutumizeko kampunga ka kwathu, wa m'masitolo muno sununkhira kanthu.

Ndine wanu,
Donald Mtonga


Sitolo ya Zimba, Tembwe,
6 Disembala 1956

Kwa Bambo Donald Mtonga,

Ndikupatsani moni waulemu, ine Gordon Zimba, wamalonda, amene ndinadya nawo nkhuku paukwati wanu. Ndalembera kuofesi kwanu kuti nkhaniyi tiithetse mwachimuna.

Akazi anu andiyambitsira nkhondo. Sanatukwane, sanakuwe, ndipo bola akanatero. Amabwera m'mawa, kuyala mphasa pansi pa mango moyang'anana ndi sitolo yanga, nakhala phee. Aliyense wofunsa chovala chake amamuyankha mwaulemu, "Kiyi ali ndi a Zimba." Basi, mawu omwewo tsiku lonse.

Ine sindinkadziwa kuti m'chipinda chija muli zovala za Khirisimasi za theka la Tembwe. Ndinatsegula kuti ndigawire eni ake, ndinapeza zidutswa zokhazokha. Mkono uwu ndi wa yani, kolala uyu ndi wa yani, akudziwa ndi akazi anu okha. Amayi a Umanyano a kumpingo, khumi ndi awiri, mabulauzi awo oyera ali momwemo. Lachinayi anadzakhala pakhonde langa n'kuyamba nyimbo za maliro kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Ogula onse anabwerera panjira poganiza kuti ndafa, ndipo apongozi anga anafika kuchokera ku Kambombo akulira. A Jeremiah, kapaso wa khoti, thalauza lawo latsopano lili m'kati, mwendo umodzi wosokedwa, wina ayi. Masiku ano akandiona sandipatsa moni.

Mlamu wanga Meshack ndi telala wophunzira kunja. Wapalasa makina aja masiku atatu, akulira bwino ndithu, koma ulusi sukugwira, nsalu ikungotuluka ndi timabowo. Akuti pakusowa kachitsulo. Ndinatuma munthu panjinga ku Lundazi kukagula kena, wabwerera pamtsinje, madzi afika m'khosi.

Tsono bambo Mtonga, inu ndinu mutu wa banja. Lamulani akazi anu apereke kachitsuloko, achoke pansi pa mango wanga, ndipo ine mwa chifundo changa ndiiwala zonse. Munthu wa dzina ngati ine sayenera kuimbiridwa nyimbo za maliro ali moyo.

Wanu mwaulemu,
G. Zimba


Tembwe,
19 Disembala 1956

Bambo a Maggie,

Moni. Kalata yanu yafika yonyowa, wamakalata anagwa nayo powoloka, koma mawu opusa onse apulumuka. A Zimba kundifunsira ine? Munthu amene muyeso wa mimba yake ndimaudziwa pamtima? Nsanje yanuyo muisunge m'chitini momwemo pamodzi ndi malisiti.

Za loko ndamva, sindinathyole, ngakhale amake Virginia anabwera kawiri ndi nkhwangwa. Kukhoti ndapita, samani watuluka, mlandu ulowa pa 9 Januwale. Anakapereka samaniyo ndi a Jeremiah, ndipo anthu akuti sanaonepo kapaso akuyenda mofulumira chotero. A Zimba akulengeza m'sitolo kuti adzavala suti yawo yoyera, adzabwera ndi banja lonse, kuti khoti lione kusiyana kwa munthu ndi munthu.

Koma kalaliki wa khoti anandifunsa funso lanu lomwe lija. "Mayi, pepala lililonse muli nalo?" Ndinati ndilibe. Anakanda m'mutu ndi cholembera. Ndinatuluka.

Ndikuopa, bambo a Maggie, ndinene poyera. Pansi pa mango ndimakhala ngati munthu wolimba mtima, koma ndi maonekedwe chabe. Makina aja ndi zaka zitatu zimene munayenda wapansi m'tauni, anzanu akukwera basi, kuti mundigulire. Ndiwo amadyetsa Maggie, ndiwo anachititsa kuti anthu asiye kunditcha mkazi wa wamtchona n'kuyamba kunditcha telala. Akapita amenewa sindidzagulanso ena.

Ndiye ndaganiza chonchi. Mlandu ukandigwera, ine ndi Maggie tikwera lole mvula ikangokata, tibwere kudzakhala nanu m'chipinda chanu chija cha malata chimene mumachitama m'makalata. Mukonze pogona.

Mpunga ulipo, wonyamula ndiye palibe. Khirisimasi yabwino. Kuno Tembwe yonse ikapemphera m'zovala za chaka chatha.

Damaris


Lusaka,
3 Januwale 1957

Amake Maggie,

Moni. Musabwere! Ndabwerezanso, musabwere. Kuno kwagwa chimfine choopsa, ana sakuchipirira. Ndiponso chipinda changa akupaka laimu, fungo lake si la masewera.

Ndalandira kalata ya a Zimba. Ali ndi dzanja labwino polemba, ndipo ndikaiwerenga ndikuona kuti ndi munthu womva. Ndaganiza mofatsa monga wodziwa malamulo. Wopanda lisiti salowa m'khoti, amangokachita manyazi. Eni nyumba ndi amphamvu, amake Maggie, inu simuwadziwa monga ndiwadziwira ine. Gwirani nkhuku yonenepa, mupite nayo kwa a Zimba, mupepese, mupereke kachitsuloko. Mwina adzalola kuti inu ndi Meshack muzisinthana pamakina, wina m'mawa wina masana. Bola theka la makina kusiyana ndi kubwera kuno.

Chonde chitani zimenezi tsiku la mlandu lisanafike.

Ndine wanu wodera nkhawa,
Donald


Tembwe,
22 Januwale 1957

Okondedwa bambo a Maggie,

Moni wa chaka chatsopano. Kalata yanu yafika dzulo, patapita masiku khumi ndi awiri chichitikire mlandu. Ndikuthokoza mtsinje umene unaichedwetsa. Nkhuku imene munati ndikapepesere tadya ife lero, Maggie wadya chiwindi.

Khalani pansi ndikuuzeni. Khoti linadzaza, ena anasuzumira pamawindo. Akuluakulu oweruza anali atatu. A Zimba analowa monga analonjezera, suti yoyera, akazi awiri pambuyo, ana asanu ndi mmodzi pamzere, Meshack kumapeto ndi chipewa chake. Ine ndekha pabenchi, shatulo ili pansonga ya chitenje.

A Zimba anayamba. Pangano kunalibe, iwo anangondichitira chifundo, ndipo zaka ziwiri sanalandire kwa ine kanthu. Wamkulu wa oweruza anafunsa, "Sanakusokereniko chilichonse mayiyu?" Iwo ati, "Ngakhale kampango kopukutira thukuta. Ine zovala zanga ndimagula ku Fort Jameson, kwa Amwenye."

Ndiye wamkulu uja anatembenukira kwa ine. "Mayi, mukuti lendi munkalipira. Lisiti lili kuti?"

Bambo a Maggie, pepala ndinalibe. Ndinazolika kuti anthu asaone misozi. Pozolikapo maso anga anagwera pamiyendo ya a Zimba, pampendero wa thalauza loyera lija. Mpendero umenewo ndinapinda ndine mu Seputembala, singano inandibaya pachala chachikulu. Mkwiyo unabwera, misozi inabwerera komwe inachokera.

Ndati, "Malisiti ndili nawo, akuluakulu, koma awavala a Zimba."

Anthu anaseka, oweruza ayi. Ndinafotokoza za kaulusi kofiira kamene ndimasoka kuseri kwa kolala kapena m'chiuno mwa chovala chilichonse. Wamkuluyo anapinda dzanja kumbuyo, n'kutembenuza kolala wa shati yake yomwe, mnzake n'kusuzumira. "Kalipo," anatero. Khoti lonse linayamba kutembenuzana makolala ngati anthu ofunana nsabwe.

Wamkulu uja ati, "A kapaso, taonani jekete la a Zimba."

A Jeremiah, amene anadya Khirisimasi m'kabudula wazigamba, sanadikire kuuzidwa kawiri. Jekete, kaulusi. Shati, kaulusi. Ana asanu ndi mmodzi, timaulusi tisanu ndi kamodzi. Atagwira lamba wa thalauza, a Zimba anakuwa, "Limenelo ndavomera! Ndavomera!"

Koma munthu uja ndi wolimba m'kamwa. Thukuta likutsika, ati, "Chabwino, anasoka. Koma ndinkalipira." Apa ndinaona kuti ndathedwanso, chifukwa ulusi sunganene za ndalama. Ndiye kunamveka mawu kumbuyo. Anali a Agness, mkazi wamkulu, amene chilowereni mkazi wamng'ono pakhomo paja sanamvekepo akulankhula pagulu. Anaimirira pang'onopang'ono, ati kwa amuna awo, "A wisi ŵana, musaname, pano pali Baibulo. Tsiku la pangano nkhuku ndinaphika ndine, a Ng'uni anadya mwendo. Miyezi itatu ija ndinaimva ndi makutu angawa. Peni sitinaperekepo. Ndipo mlamu wanu Meshack manje achoke, wanditsirizira mpunga."

Chigamulo chinali chachifupi. Mwini nyumba si khoti, alibe mphamvu yotaya katundu wa munthu kapena kugwira makina. Loko achoke tsiku lomwelo. Ndikhale mpaka kukolola, ndipo akafuna chipinda chawo anene kutatsala miyezi itatu pamaso pa kalaliki. Chifukwa chonyowetsa katundu wanga, apereke mbuzi. Pangano manje lalembedwa papepala, kondwani, inki yanu ija yafika ku Tembwe.

Ndinabwezera shatulo m'malo mwake anthu akuonerera, ndipo choyamba kusoka unali mwendo wachiwiri wa a Jeremiah. Mbuzi yabwera, Maggie waitcha Notisi.

Ndiye sindibwera, pumani. Koma tandiuzani, chimfine chimenecho chikugwira ana a anthu ochokera ku Tembwe okha? Nanga chipinda chotani chimene akupaka laimu pamodzi ndi positi yake? Ndalembera alamu a Eneless kuti andiuze zimene inu simukunena.

Ndine wanu,
Damaris


Lusaka,
8 Febuluwale 1957

Mlamu wanga NyaGoma,

Moni kwa inu ndi kwa Maggie. Kuno tonse tili bwino, chimfine sitinachione, laimu sitinamumve. Mwafunsa, ndiye ndinena, chifukwa ndatopa kulumpha miyendo ya munthu m'khitchini mwanga.

Mlongo wangayu anathamangitsidwa m'chipinda chake kumapeto kwa Okutobala, inu musanathamangitsidwe n'komwe. Mwini nyumba anafuna kuikamo mbale wake wofulula mowa. Donald pobwera kuntchito anapeza loko, bedi ndi njinga yake zili m'kati, zovala zili pawaya wa oyandikana nawo. Notisi panalibe, lendi anali atalipira mpaka kumapeto kwa mwezi. Anafika kwathu atakumbatira chitini cha fodya ngati khanda.

Amuna anga anamuuza, "Alamu, mumagwira kwa loya, kadandauleni." Iye ayi, akuti kuofesi angamuseke. Malamulo onse amene anakulemberani aja anawafunsa kwa kalaliki ngati nkhani ya mnzake wina. Akaweruka amatsegula chitini, kuyala malisiti pamphasa, kuwasanja bwinobwino, kubwezeramo. Miyezi itatu tsopano.

Kalata yanu ya mlandu watiwerengera katatu. Pa thalauza la a Zimba anaseka mpaka kutsokomola. Atafika pa funso lanu la laimu anapinda pepala, n'kutuluka panja, ndipo chakudya sanadye. Musamukalipire kwambiri, mlamu. Ankachita manyazi kuti iye wam'tauni alibe pogona, pamene makina anakugulirani kuti muziti amuna anga ndi munthu.

Ndine mlamu wanu,
Eneless


Tembwe,
25 Febuluwale 1957

Okondedwa bambo a Maggie, loya wanga,

Moni. Alamu andiuza zonse, musawakwiyire. Ndinakwiya tsiku limodzi, ndinaseka tsiku lachiwiri, lachitatu ndinalira poganiza kuti pamene ine ndinkakhala pansi pa mango, inu munkagona pafupi ndi mafuwa a eni ake n'kumandilembera za notisi. Mukanandiuza. Sindinakwatiwe ndi chipinda cha malata.

Aphunzitsi a Nyirenda akupita ku Lusaka, ndawapatsira mpunga ndi shati yanu ija. Mabatani ndaika. Manje mverani malangizo a telala. Lolemba muvale shatiyo, munyamule chitini, mukaime pamaso pa kalaliki wanu wamkulu, munene kuti mnzanga uja ndine. Akusekeni kamodzi, kenako akuuzeni khomo loyenera kugogoda. Zonse munandilembera zinali zoona: notisi, katundu, samani. Ine ndinapita nazo kukhoti ndilibe pepala ngakhale limodzi, inu muli ndi chitini chodzaza. Njinga ija ndi yanu, kaitengeni.

Mukachita mantha, pindani dzanja kumbuyo mugwire kuseri kwa kolala. Kalipo, ndasoka kawiri.

Mlandu ukakukomerani, mulembe, tidzapha nkhuku ina. Ukakugwerani, musagonenso m'khitchini mwa alamu. Kwerani lole mubwere. Kuno kuli chipinda, kuli mbuzi, kuli Maggie amene mano ake atsopano simunawaone, ndipo kiyi ali ndi ine.

Ndine wanu,
Damaris NyaGoma